Ndalama za Chiliza Chanu Ndinagulira Njinga

Amayi, kodi kumene muliko mukupezako bwanji? Ine mwana wanu Esinati ndilipo, kungoti ndaonda pang'ono chifukwa cha mkwiyo. Amake Juliyasi anatisiya mwezi watha, ndipo pakamwa pawo mukupadziwa. Ngati afika kale kumeneko ndi nkhani yanga, muiike kaye pambali, mumve kwa mwini wake.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Lute anachira mu Juni, mwana wamkazi, ndipo tamutcha Aginesi, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu chomwe chija, ndipo akalira safuna kutonthozedwa ndi munthu amene wamulakwira. Kumunda wakumtunda njovu zinalowa kawiri chimanga chisanaume. Mpanda wa tsabola zinangoudutsa ngati tinaziikira ndiwo. Tinapulumutsa chokwanira kufika Disembala. Koma dimba lanu la m'mbali mwa mtsinje wa Lupande silinatichititse manyazi. Repu ndi tomato zikutuluka mpaka ndimasowa madengu.

Tsopano khalani pansi, pakuti ndikudziwa kuti mukamva izi mugwira m'chiuno. Chiliza chanu sitinamange. Ndalama zimene ine ndi Lute tinasonkhanitsa, za thonje langa ndi za mbuzi zanu zitatu zija, ndinagulira njinga yamoto. Sindikupepesa, Amayi, ndikungokudziwitsani.

Mukukumbukira mmene tinakunyamulirani tsiku lija? Mwina simukumbukira, munali mutasiya kale kuyankha. Tinanyamuka m'mawa ndi ngolo yobwereka, matope mpaka m'maondo, ndipo tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Nesi amene tinampeza sanatikalipire. Anangoti mukanafika m'mawa. Mawu amenewo anandikhala pakhosi chaka chathunthu. Ndiye pamene mlongo wanu, a malume Sakala, anabwera kudzandiuza kuti mphunzitsi wochita lendi m'nyumba yawo akugulitsa njinga, mtima wanga unali utagula kale ndisanaione.

Mphunzitsiyo anali a Mwansa, mlendo wochokera kumpoto, waulemu wake, wopereka moni ndi manja awiri. Njingayo inali yofiira, yosakwana chaka, yong'anima ngati sinaonepo fumbi la kwathu kuno. Munkati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, koma ine tsiku limenelo ndinali wogontha. Tinachita malonda monga timachitira kuno: pansi pa mtengo wa mango wa a malume, pepala long'amba m'kope, a Mwansa kulemba ndi dzanja lawo lokongola, a malume kusaina ngati mboni. Ndinawerengera ndalamazo m'manja mwa a malume, iwo n'kupatsira a Mwansa, kuti pasadzakhale wokana.

Musaganize kuti sindinafunse konse. Ndinafunsa za buku loyera, chikalata chija chosonyeza mwini galimoto kapena njinga. A Mwansa anati lili ku Chipata, adzabwera nalo sukulu zikatsekera. Ndinayang'ana a malume, iwo n'kuseka. Anati, “Iwe Esinati, munthu wa boma angathawire kuti? Malipiro ake amadziwika kumene amachokera.” Ifetu kuno timakhulupirira munthu wolandira pamwezi kuposa mbale wathu. Sukulu zitatsekera a Mwansa anapitadi, ndipo mpaka lero sanabwerere. Akuti anasiya ntchito, ali kumigodi, ndipo nambala yawo siigwira.

Miyezi isanu njingayo inanditumikira popanda vuto. Ndinaphunzira kuyendetsa pabwalo la mpira, amuna onse a pagolosale akuseka. Ndinagwa katatu, ndipo ndili ndi chipsera cha paipi yautsi pakatumba. Tsopano amene ankasekawo ndi omwe amandiimitsa kuti ndiwanyamule. Ndiwo zanga zimafika ku Mfuwe zisanafote, ndipo ophika a m'maloji awiri ogona alendo amatenga kwa ine mlungu uliwonse.

Ndipo tsiku limene Lute anayamba kumva m'mimba, mwana anali atakhala mopingasa. Azimayi anayesa n'kulephera. Ndinamukweza kumbuyo, ndinamumangirira kwa ine ndi chitenje chanu chobiriwira chija, n'kuyenda msewu womwe uja tinakuyendetsani pangolo. Tinafika madzi a pamoto asanawire kunyumba. Nesi anali yemwe uja, ndipo ulendo uno anati mwachita bwino kufulumira. Ndinatuluka panja n'kukalira pafupi ndi njingayo, anthu n'kumaganiza kuti kwagwa zovuta.

Mu Seputembala ndi pamene nyerere zinatuluka. Ndinali pamsika ku Mfuwe ndikutsitsa madengu, kunabwera amuna awiri ndi kagalimoto kabokosi. Anandipatsa moni bwinobwino, mwaswera bwanji mayi, kenaka wina anawerama kuwerenga nambala ya painjini. Anati njingayo ndi ya kampani yawo yobwereketsa. A Mwansa anaitenga pangongole yodula pamalipiro, ndipo atasiya ntchito kudulako kunaima. Buku loyera linali m'kabati mwawo masiku onsewa. Ndinatulutsa pepala langa la m'kope. Wamkuluyo analiwerenga mpaka pansi n'kundibwezera mwaulemu, amvekere munthu sangagulitse chimene sanamalize kugula.

Amayi, pamenepo ndinakumbukira kuti ndine mwana wa yani. Ndinakwera panjingapo, ndinakhala, makiyi n'kuika m'kamisolo. Ndinati, “Mukaikweza m'galimoto mukweze ndi ine ndemwe. Ndalama zimene zili apa ndi manda a amayi anga.” Azimayi a pamsika anasiya malonda awo n'kutizungulira, atangopinda manja. Amuna aja anayang'anana. Pomaliza anandipatsa masabata awiri kuti ndikaonekere ku ofesi yawo.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Madzulo ake a malume anabwera ndi nkhope ya maliro. Anati ndibweze njingayo mwakachetechete, ndisachititse banja manyazi. Anati zonsezi ndi inu, kuti mwakwiya chifukwa ndinadya ndalama za chiliza, ndipo tsoka silidzandichoka mpaka njingayo itachoka pakhomo. Amake Juliyasi anaitola nkhaniyo n'kuifikitsa pachitsime ndi kutchalitchi komwe. Ndinagona masiku awiri osadya bwino, chifukwa kunena zoona, pamenepo anandilasa pachilonda.

Koma ndinakumbukira chaka chimene anamwalira atate. Abale awo anakukakamizani kumanga chiliza, inu n'kutenga ndalamazo kukandilipirira sukulu. Ndinali kuseri kwa nkhokwe pamene munawayankha kuti, “Bambo ake Esinati sapita kulikonse, koma sukulu imatseka geti.” Munamanga patapita zaka zitatu, ndipo sindinamvepo kuti atate anabwera kudzadandaula. Ndiye munthu asandiuze kuti inu, mwa anthu onse, mungakwiyire njinga imene inapulumutsa Lute ndi mdzukulu wanu.

Ndinaitsekera njingayo m'chipinda changa n'kukwera minibasi ya ku Chipata. Ku ofesi ndinapeza mayi wina wamagalasi amene sanandinyoze. Anatulutsa mapepala onse n'kundionetsa kuti patsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ngongoleyo ithe. Kenaka anatsegula tsamba lomaliza, pamene pamasaina munthu wolonjeza kuti wokongolayo akathawa adzalipira ndi iye. Amayi, siginecha imeneyo ndikanaizindikira ngakhale mumdima. Inali yomwe ija ili papepala langa la m'kope. A malume ndi amene anaimira a Mwansa pangongoleyo, ndipo anaika chigayo chawo ngati chikole.

Ndiye kuti pansi pa mango paja, pamene ankaseka funso langa, ankadziwa zonse. Anamva kuti mphunzitsi wawo akufuna kuchoka, anaopa chigayo chawo, n'kuganiza kuti ndalama zanga zikatseka dzenjelo. A Mwansa anawapusitsa nawonso, anapita nazo zonse. Ndipo pamene ankandiuza kuti ndibweze njinga chifukwa mwakwiya, ankafuna kampani itenge njingayo kuti iwo apume. Anagwiritsa ntchito dzina lanu, mlongo wawo, kuti apulumutse chigayo. Zimenezi ndi zimene zandiondetsa.

Ndikudziwa kuti mwana wa mlongo saitanira malume wake pabwalo. Ine ndinawaitana. Ndinaitana Lute ndi mwamuna wake, akulu a mpingo awiri, n'kuyala mapepala awiriwo, langa ndi la ku ofesi, pamphasa, lina pafupi ndi linzake. Sindinatukwane, mukanandinyadira. Ndinangowafunsa ngati dzanja limeneli akulidziwa. Anayang'ana, kenaka anati pepa mwana wanga, ndinapanikizika. Ndinawayankha ndi mawu anu omwe, kuti pepani sapoletsa chilonda. Akulu a mpingo anagamula kuti miyezi yotsalayo tigawane, inayi iwo, itatu ine. Ena akuti ndinawachotsa ulemu. Ulemuwo anauchotsa okha pansi pa mango.

Kampani inavomera kuti ngongoleyo ikatha buku loyera lidzatuluka m'dzina langa, ndipo ulendo uno ndili ndi pepala la chidindo, osati la m'kope. Sindikunamizani, zikundiwawa kulipira chinthu chimene ndinagula kale. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa munthu wolakwika, ndipo phula lake ndi lomweli. Mwezi woyamba ndalipira ndi tomato wa m'dimba lanu. A malume alipira wawo umodzi mochedwa, ndipo tikakumana panjira amayang'ana kumitengo. Akalephera, kampani ikudziwa kumene kuli chigayo. Njinga yokha sichoka pakhomo pano.

Lachisanu lapitali ndinagula thumba loyamba la simenti. Ndinalimangirira kumbuyo n'kubwera nalo ndekha kuchokera ku Mfuwe, ndipo lili pathandala m'chipinda changa kuti lisakoke chinyezi. Womanga wati pafunika matumba asanu ndi limodzi. Adzabwera limodzilimodzi, onse panjinga yomweyi, kuti amene ankati inadya chiliza chanu adzaone ndi maso kuti ndiyo yachinyamula.

Msewu wopita kumsika umadutsa m'mbali mwa manda. Ngati mwakhala mukumva hutala ikulira kawiri m'mawa uliwonse, musadabwe, ndine ndimakupatsani moni. Inu simupita kulikonse, Amayi, munanena nokha. Ndidikireni mpaka dzinja lithe ndi nthaka iume. Ndidzabwera ndi womanga, ndi Lute, ndi Aginesi wamng'ono kumsana, ndipo buku loyera lidzakhala m'thumba mwanga kuti ndidzakuwerengereni dzina lolembedwamo.

Ndine mwana wanu wokukondani, wamakani ngati inu nomwe,

Esinati