Dzina la Bambo Asanakhale Joakimu

Azakhali okondedwa,

Ndikhulupirira muli bwino ku Beira. Kuno ku Mongue bambo akufookerafookera, ndipo ayamba kuiwala zinthu.

Mukukumbukira kuti pasukulu ya Apwitikizi anawamenya chifukwa cholankhula Chinyanja, n'kuwatcha Joakimu. Dzulo ndinawawerengera nkhani ya ana a mtundu wa Uyghur ku China, omwe boma likuwasunga m'sukulu zogonera komweko kuti asiye chinenero chawo. Kaya ndinalakwa. Nditamaliza anafunsa, "Mwanawe, kodi amayi anga ankanditcha ndani?" Kenako analira.

Wodziwa dzinalo mwatsala inu nokha. Chonde titumizireni msanga, alimvenso akadali moyo. Mulungu akusungeni.

Ndapinda kalatayi, ndikukapatsa woyendetsa minibasi ya shapa.

Ine mwana wanu,
Tereza