Nkhope ya Amayi Yapezeka

Achimwene,

Kuno ku Matawale kwacha ndi chifunga, phiri silikuoneka n'komwe. Tonse tili bwino, kaya inu ku Joniko?

Zikomo pondituma kwa ojambula zithunzi aja. Ndinachita manyazi kufotokoza, ndinangowapatsa kachithunzi kathu kokhako ka malemu amayi, kofufutika kaja. Anati, "Khalani apa achemwali, kompyuta iwasake yokha." Pulogalamu yawo imasanja zithunzi zakale potengera nkhope. Posakhalitsa amayi anaonekera pa ukwati wina wa ku Malosa, beseni lili pamutu, akuseka. Ndinalira pamaso pa anthu.

Ananditulutsira ziwiri, chachikulu chopachika m'nyumba ndi chaching'ono chotumiza pafoni. Chikakufikani muwaonetse ana anu, adziwe kasekedwe ka agogo awo.

Mulungu akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinala

Ndamaliza Lachiwiri, 10 koloko m'mawa.