Mchombo wa Fusako

Mwana wanga Tsutomu,

Undikhululukire malembedwe okhotakhotawa. Ukudziwa kuti sukulu ndinaisiyira panjira, ndiye lero dzanja latupanso, cholembera chikungopulumuka. Uli bwanji ku Nagoyako? Chifuwa chija chinatha? Ukudya mokwanira? Ine kuno mtima suli m'malo.

Mlongo wako Fusako ali m'chipatala ku Hirosaki. Akuti ndi khansa ya m'magazi. M'kamwa mukungochucha magazi, tsitsi lonse lathothoka.

Ndinamva pa wailesi kuti masiku ano matendawa akuwachiza ndi mchombo wa khanda. Ndinathamangira m'kabati kukatenga kabokosi kaja ndinasungamo mchombo wake utagwa. Amayi anga ankati mwana akadwala mwakayakaya umauwiritsa n'kumumwetsa. Ndinakapereka kwa adokotala ndi manja awiri.

Sanandiseke. Anangoti mchombo wouma unafa kalekale, iwo amafuna zamoyo. Akuti m'kati mwa mafupa muli timaselo tomwe sitinasankhe kuti tidzakhala chiyani, ndipo ndi timeneti timabala magazi onse. Ta Fusako tawonongeka. Adzapha timaseloto ndi mankhwala n'kuthiramo ta munthu wina, monga bambo ako amalumikizira nthambi patsinde la apozi. Koma tsinde limakana nthambi yachilendo. Amene angagwirizane naye msanga ndi wobadwa naye bere limodzi.

Ndinatchula dzina lako tikudya. Bambo ako anagubuduza tebulo, msuzi wotentha n'kundikhutukira pamiyendo. Akuti galu amene anathawa munda alibe fupa lopereka m'nyumba muno. Ndinati galuyo ndinabala ndine, ndipo amene anamuthyola mkono ndi makwerero mpaka kuthawa ndinu. Chibakera chinandipeza pakamwa, dzino ndinalilavulira m'mbale. Anatsomphola kabokosi ka Fusako n'kukaponya pansi kuti akaponde. Ndinaikapo dzanja, chidendene chinatera pazala.

Noboru, mwamuna wa Fusako, anawagwira pakhosi n'kuwakanikizira paguwa la makolo, phulusa la lubani mbwee! Akuti nkhalamba inu, mkazi wanga akufa, inu mukusamala nkhope yanuyo yonga apozi wofota? Bambo ako anamung'amba khutu ndi sizasi yodulira nthambi. Magazi sanachokebe pamphasa, ndachapa ndatopa.

M'mawa mwake bambo ako anapita okha kuchipatala. Anavula malaya pamaso pa anamwino, amvekere boolani mafupawa, tengani timaselo tonse, ndine ndinamubereka. Anamwinowo anawauza kuti akalamba, thupi silingapirire. Anamenya khoma ndi zibakera mpaka alonda anachita kuwakoka. Atabwerako anasanthula nyumba yonse kufuna kabokosi ka mchombo wako kuti akatenthe. Ndakabisa m'thumba la mpunga. Kameneko ndidzapita nako kumanda, sakakhudza.

Tsono bwera, mwanawe, ukayezetse magazi. Ndinawafunsa adokotala kangapo ngati sudzalumala, mpaka ndinaona kuti ndawatopetsa. Akuti adzakugoneka tulo n'kukoka ndi singano m'fupa la m'chiuno, ndipo timaseloto timameranso. Ine ndikuopabe. Nanga osadzuka? Nanga ndikataya nonse awiri? Koma ndikamuona Fusako akulephera kunyamula kapu yamadzi, mantha enawo amachepa.

Usafike kunyumba. Ukatsika sitima upite molunjika kuchipatala, Noboru akakuchingamira, udzamudziwira bandeji ya pakhutu. Uvale zofunda, kuno chisanu chayamba.

Makolo athu akuyang'anire panjira. Undiperekere moni kwa mkazi wako, yemwe sindinamuonebe nkhope.

Fusako sakudziwa kuti ndakulembera. Adokotala akuti ngakhale pachibale, mwa anayi amagwirizana ndi mmodzi, ndiye sindikudziwa ngati ndiwe. Sindikudziwanso ngati ubwera. Adokotalawo akudikira yankho, ndipo ine ndilibe.

Ndine mayi ako,
Kiyo