Mikanda ya Thokozile

Lachiwiri

Cosmas, 07:12
nde monga ndimanena pa call ija bambo, airtime inatha. Loweruka ndikubwera ku Tsangano ndi ankhoswe anga. mwana wanu wandipusitsa mokwanira

Bambo Ngozo, 07:40
Walakwanji Thokozile?

Cosmas, 07:41
[uthenga wa mawu, 1:52]

Bambo Ngozo, 08:15
Za mawu sindimvera. Lembani.

Cosmas, 08:19
zaka zitatu pabanja opanda mwana. ine busy kuno ku scheme ya Bwanje kulima mpunga, kumaganiza kt ndi Mulungu sanalole. Sunday nditabwera kunyumba ku Boma ndinapeza mikanda pansi pa matiresi, ili ndi kamphira kosuntha

Cosmas, 08:20
[chithunzi]

Cosmas, 08:21
sister wanga Tracy akuti ndi ya kulera, amapereka kuchipatala. kamphira kakafika pa mikanda yoyera mkazi amathawa mwamuna kt asatenge mimba. akulera mobisa bambo

Bambo Ngozo, 09:02
Mwamufunsa?

Cosmas, 09:03
kufunsa chani, umboni ndili nawo. mikandayo ndinaitenga. kope lakenso linali pompo, ndinalijambula, ndakopera apa muwerenge nokha

Cosmas, 09:07
12 Malichi, tsiku 13. chikazi choterera, chotamuka ngati choyera cha dzira laliwisi. ndawaitana, sanabwere.
9 Epulo, tsiku 13. choterera. kupweteka mbali ya kumanzere. ndawaitana, sanabwere.
7 Meyi, tsiku 13. chimodzimodzi. sanabwere.
10 Meyi. kwauma. mwezi wapita.

Cosmas, 09:08
amaitana ndani bambo?

Cosmas, 11:30
bambo?

Cosmas, 15:46
ndaona blue tick koma inu phee. kapena mukudziwa kale?

Lachitatu

Bambo Ngozo, 06:05
Zimenezi si zoti bambo awerenge za mwana wake. Mayi ake akanakhala moyo sindikanaziona. Koma mwandionetsa.

Bambo Ngozo, 06:09
Tsegulani foni yanu. Pa 12 Malichi anakulemberani chiyani?

Cosmas, 06:31
sindisunga ma message akale

Bambo Ngozo, 06:33
Kope la mnzanu munalipeza pansi pa matiresi. Foni ili m'manja mwanu.

Cosmas, 07:02
analemba kt bwerani lero plz. ndinali ndi turn ya madzi

Bambo Ngozo, 07:04
Pa 9 Epulo?

Cosmas, 07:10
mbalame zinavuta mu mpunga, sindikanachoka

Bambo Ngozo, 07:11
Pa 7 Meyi?

Cosmas, 07:25
timakolola. koma bambo amangoti bwerani, osanena chfkw. ndikafika week inayo amakhala wokwiya. munthu uganiza chani?

Cosmas, 07:27
komanso mikanda ija ndi ya kulera ndithu, Tracy sanganame

Bambo Ngozo, 07:50
Sananame. Masiku a mikanda yoyera ndiwo a mimba. Wosafuna mwana amathawa. Wofuna amaitana. Wanuyo amaitana.

Cosmas, 07:53
inuyo za azimayi mwazidziwira kuti? wakuuzani zoti munene eti?

Bambo Ngozo, 07:55
Sindinalankhule naye. Sindingathe.

Cosmas, 07:56
nde?

Bambo Ngozo, 09:40
Ine ndi malemu Esnath tinakhala zaka zisanu ndi chimodzi opanda mwana. Asisitere a ku mishoni anamuphunzitsa kuona zizindikiro. Chikazi chikayamba kuterera ndi kutamuka, dzira lili pafupi kutuluka. Ena amamva kupweteka mbali imodzi ya chinena. Kukauma, mwezi umenewo wapita. Iye analibe mikanda, ankamanga mfundo pa chingwe.

Bambo Ngozo, 09:44
Chingwecho ndinachipeza. Ndinati ndi mankhwala. Ndinamubweza kwawo miyezi itatu, osamufunsa.

Cosmas, 09:47
sindimadziwa bambo

Bambo Ngozo, 09:52
Palibe akudziwa. Anabwerako, Thokozile anabadwa. Koma mpaka tsiku lomwalira, Esnath sanandiuzenso chilichonse cha m'thupi mwake. Ngakhale chotupa chinamutengacho ndinachimva kwa dokotala.

Bambo Ngozo, 10:20
Tsopano funso langa. Madzi, mbalame, kukolola. Katatu konse. Ku Bwanjeko mumakhala nokha?

Cosmas, 10:22
aaa bambo mukutanthauza chani

Bambo Ngozo, 10:23
Ndafunsa.

Cosmas, 10:31
ndekha. funsani aliyense ku scheme. kanyumba kake ndi ka room imodzi, ndimagona ndi matumba a mpunga

Bambo Ngozo, 10:33
Ndifunsadi. Kuchipatala iye anapita, mikanda ndi umboni. Inu munakayezetsa?

Cosmas, 10:34
ine ndilibe problem

Bambo Ngozo, 10:35
Anakuuzani ndani?

Cosmas, 11:58
[uthenga wa mawu, 0:09]

Cosmas, 11:59
[uthengawu wafufutidwa]

Bambo Ngozo, 12:10
Werengani masiku. Kuchokera pa 7 Meyi, masabata anayi akwana lero. Wakulemberani?

Cosmas, 12:18
mmawa. sindinatsegule

Bambo Ngozo, 12:19
Tsegulani.

Cosmas, 12:24
akuti mikanda yanga yasowa, koma thupi likundiuza. bwerani lero kapena mawa. ndatopa kupempha

Cosmas, 12:40
ankhoswe ndinawauza kale za Loweruka

Bambo Ngozo, 12:42
Loweruka kudzakhala kutauma. Sankhani.

Cosmas, 14:05
ndili pa Sharpevale, ndikudikira minibus ya ku Boma

Cosmas, 14:07
kamphira kaja kanasuntha mthumba. ndikabwezere pa mkanda uti kt asadziwe?

Bambo Ngozo, 14:15
Musakabwezere. Mumpatse m'manja, munene kuti munatenga ndinu. Za ine musatchule.

Cosmas, 14:16
akakwiya?

Bambo Ngozo, 14:18
Akwiye. Wokwiya amalankhula.

Cosmas, 14:20
ok bambo. zikomo

Bambo Ngozo, 14:31
Funso la kuchipatala simunayankhe.