Msonkhano wa pa nkhani ya seva yochedwa ya Kopaletivu ya Tadzuka

Tsiku: Lachitatu, 14 Disembala 2022
Malo: Ofesi yaikulu, Ntcheu Boma
Opezekapo: Bambo Silvester Mlauzi (Wapampando), Mayi Dailes Ndau (nthambi ya ku Bwanje), Bambo Chrispine Masina (woona za makompyuta), Mayi Ida Kamphale (Mlembi)
Opepesa: Bambo Raphael Ngozo, ali pamaliro ku Sharpevale

1. Kutsegula

Mayi Ndau anapemphera mwachidule kwambiri, mtima uli m'mwamba.

2. Dandaulo la ku Bwanje

Mayi Ndau anati makompyuta a kunthambi akukana kutsegula pulogalamu yogawira mbewu ya mpunga mpaka atalandira zosintha zatsopano kuchokera ku seva, kompyuta yaikulu ya pa Boma, koma seva ikungokwawa. Anati alimi akupalasa njinga dzuwa lili pamutu n'kubwerera chimanjamanja, nthawi yofesa ikutha, ndipo otukwanidwa pakhomo ndi iwo, osati anthu a pa Boma okhala pa fani. Mawu ena amene ananena sindinawalembe.

Wapampando anati vuto ndi ulesi wa Bambo Masina, ndipo ngati zosinthazo sizifika ku Bwanje pofika Lachisanu, ntchito yawo yatha.

3. Yankho la Bambo Masina

Bambo Masina anati anayesa netiweki, anasintha waya, anachotsa zakale zodzadza seva, ndipo zonse zili bwino. Anati zosinthazo ndi zazikulu, pa intaneti yathuyi zimafuna tsiku lathunthu ndi usiku womwe, ndipo zikaduka panjira zimayambiranso poyamba. Ozidula ndi Wapampando, amene chiphulikire printa ndi mphenzi chaka chatha amazula okha mapulagi onse poweruka, n'kuvundikira seva ndi chitenje kuopa fumbi.

Wapampando anamenya tebulo. Anati katundu wa alimi sangagone ali pamoto m'nyengo ya mvula chifukwa cha mwana wadzana.

Mayi Ndau anati, "Achimwene, inu mukusunga bokosi, ife kumunda kukugwa mvula. Bokosilo tidzadya?"

Anagwirizana kuti pulagi ya seva isakhudzidwe mpaka Lachisanu. Wapampando anavomera monyinyirika, akuyang'ana pazenera. Bambo Masina anaonetsa komiti kuti zomwe anayambitsa m'mawa zikuyandikira theka, ndipo zikasiyidwa zifika ku Bwanje mawa. Mayi Ndau anaimbira foni kunthambi pomwepo kuti alimi auzidwe kubwera.

4. Zina ndi zina

Mlembi anapempha kuti chitenje chovundikira seva chibwezedwe kwa mwini wake, amene ndi iye.

5. Msonkhano wotsatira

Lachisanu, 16 Disembala, malo omwewa.

6. Kutseka

Msonkhano unatha 4:30 madzulo, kumwamba kutayamba kuda. Potuluka, Wapampando akufotokozabe za printa ija, anawerama kuseri kwa chitseko monga mwa masiku onse n'kuzula mapulagi onse. Seva inangoti zii. Bambo Masina anakhala pansi. Mayi Ndau anapatsa Wapampando foni kuti awauze okha alimi aja, koma Wapampando anati ali ndi minibasi yoti akwere.

Ine zandipsetsa mtima, ndipo ndalemba izi ngakhale zinachitika msonkhano utatsekedwa, kuti Lachisanu pochotsa munthu ntchito tidzadziwe dzanja lomwe linazula pulagi.

Wapampando: (akana kusaina)
Mlembi: Ida Kamphale