Ndinadula ulusi wofiira wa amayi n'kumata Ca(OH)₂

Aphungu,

Lero kwacha ndi kamvula kowaza, nyanja ili bata. Kugombe injini ya boti loyamba ikukana kulira, mwini wake akuitukwana, atambala akumuyankha. M'nyumba mwathu mokha ndi momwe muli zii, chifukwa amayi sakundiyankhula. Chonsecho ine mtima ukungodumphadumpha ndi chimwemwe, mpaka ndikuchita nacho manyazi.

Ndili ndi zaka 16, giredi 10. Anzanga ndilibe. Nthawi yopuma ndimakhala pansi pa mango n'kumangoonerera anthu.

Amayi amapanga laimu wotafunira buai, mtedza umene anthu kuno amatafuna ndi laimuyo mpaka m'kamwa kufiira. Amatola zigoba za nkhono kunyanja, kuziwotcha pa makoko a kokonati, kenako kuwaza madzi mpaka zisanduke ufa woyera. Sabata yatha aphunzitsi a kemisitiri, Mayi Gaiyowa, analemba pa bolodi CaCO₃ n'kunena kuti ndi calcium carbonate, wopezeka m'zigoba. Aphungu, ndinangozindikira ndaimirira! Ukawotcha, mpweya wa CO₂ umathawa, kutsala CaO, calcium oxide. Ukawaza madzi, Ca(OH)₂, calcium hydroxide. Ndiye kuti amayi anga, amene analekeza giredi 3, amachita kemisitiri kuseri kwa khitchini Lachinayi lililonse! Ndinafotokozanso chifukwa chake OH amakhala awiri: calcium ali ndi manja awiri, hydroxide ali ndi limodzi. Kalasi yonse inaomba m'manja. Kuombera ine! Mayi Gaiyowa anati pa tsiku la sayansi, sabata ziwiri zikubwerazi, ndibwere ndi amayi, iwo azidzapanga laimu, ine ndizidzatchula mayina.

Ndinafika kunyumba mutu utatentha. Pa shelefu pali mabotolo atatu ofanana, onse a ufa woyera. La laimu amayi analimanga ulusi wofiira, la soda ulusi wakuda, la mchere lopanda kanthu. Ndinaona ngati n'zachikale. Ndinadula ulusi, kupukuta mabotolo, kuwandanditsa mwatsopano, n'kumata timapepala: Ca(OH)₂, NaHCO₃, NaCl. Zinakongola ngati labu!

Loweruka kunabwera abale a mwamuna amene akufuna kukwatira achemwali anga. Mlendo sayamba nkhani asanatafune, ndiye amayi anayala buai n'kutenga botolo pamene pamakhala laimu masiku onse. Anatenga soda. Akuluakulu asanu anatafuna, kutafuna, kudikira kuti m'kamwa mufiire. Kunangotuluka thovu loyera. Agogo ena analavula n'kuti, "Mayi, mwatiitanira ukwati kapena kutsuka mano?" Malume anga a Lebasi anakweza botolo n'kukuwa, "Adokotala, tulukani kuseriko mudzatiwerengere mankhwala anuwa!" Ndinatuluka n'kuwerenga bwinobwino, "Sodium hydrogen carbonate." Sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi.

Alendo atapita amayi anangoti, "Zaka makumi awiri laimu wanga sanandichititsepo manyazi. Zakusukulu zakozo usadzandiitanireko."

Nditani kuti abwere? Aka n'koyamba kuti munthu andisankhe pa chilichonse.

Dzulo anapita atatu pa boti kukapepesa: amayi, malume ndi achemwali. Abwerako amayi ndi malume. Achemwali atsala komweko.

T.W., Alotau

Mwanawe T.W.,

Ndaseka mpaka tiyi kutayika, koma tiye tikonze zinthu. Yamba wapuma: achemwali ako sakanawasunga kumeneko mlandu ukanakhala kuti udakalipo. Apongozi okwiya sagoneka mkamwini kapena mtengwa. Ukwati uli bwino, ndipo nkhani ya thovuyi adzaisimba pa phwando lililonse mpaka udzamere imvi. Zolowera.

Mafomyula ako onse ndi olondola. Cholakwa chako n'chakuti unaiwala ntchito ya dzina. Akatswiri anagwirizana mayina amenewa kuti munthu asatenge botolo lolakwika. Ulusi wofiira unkagwira ntchito yomweyo, ndipo unkawerengeka ndi mwini khitchini ngakhale maso ali kwa alendo. Iwe unachotsa dzina lomwe amayi amawerenga n'kuika lomwe umawerenga wekha.

Lero lomwe upeze ulusi, wofiira ndi wakuda, umange pomwe unali, mabotolo abwerere m'malo awo akale. Timapepala tako tisamukire pansi pa botolo, ngati amayi alola. Upepese osatchulako calcium ngakhale kamodzi.

Za tsiku la sayansi usazitchule sabata ino. Lachinayi dzuka ukatole zigoba, usenze makoko, ukhale pambali pa moto. Ufunse zimene bolodi silinakuuze: amadziwa bwanji kuti zigoba zapsa? Madzi amawaza ochuluka bwanji? Ulembe mayankho awo m'kope momwe muli mafomyula, iwo akuona. Kenako upemphe Mayi Gaiyowa abwere okha kudzawaitana, atanyamula buai wabwino. Mayi amene wachititsidwa manyazi pamaso pa alendo amafunika mlendo wina womulemekeza. Pachikwangwani chako cha tsiku la sayansi dzina la amayi likhale pamwamba, CaCO₃ pansi pake.

Amayi akakanabe, upite wekha ndi zigoba ndi ufa, ukanene amene anakuphunzitsa. Amene anaomba m'manja aja uwapatseko moni nthawi yopuma, mango sadzakusowa.

Koma tamvera: zigoba zongowotcha kumene zikakhudza madzi zimatentha kwambiri, ndipo fumbi lake limawononga maso. Usaweramire, usagwire ndi manja onyowa. Buai ungomudziwa dzina lokha, usamutafune, chifukwa amabweretsa khansa ya m'kamwa. Ndipo lumo lako lisadzayandikirenso ulusi uliwonse m'nyumbamo usanafunse amene anaumanga.

Aphungu