Muvi wa Namahala

Lamulungu, 5 Meyi 1912, Milonde

Kalasi ya ofuna ubatizo yakula. Ambiri ndi Alomwe othawa chibalo kutsidya kwa mtsinje wa Ruo. Chinyanja chawo chopindika, Chilomwe changa cholumala, koma tikumvana. Wotilumikiza ndi Namahala, mkazi wamng'ono wa a Muhiwa. Ndikanena mawu, iye amatanthauzira anzake. Amasesanso m'tchalitchi wopanda womutuma. Lero wabwera ndi amuna ake, nkhalamba ija inkati Mulungu wanga ndi wa anthu ovala nsapato. Chimwemwe chake, mpaka ndayiwala pemphero lotsekera.

Choko chatha. Ndikulemba ndi makala.

Lachitatu, 15 Meyi

A Muhiwa akufuna ubatizo. Ndawauza lamulo la mishoni mosapsatira: wamitala sabatizidwa, atsale ndi mkazi woyamba. Anafwenkha fodya. "Wamng'onoyo ndiye wandibweretsa kuno, aphunzitsi," anatero. Ine ndinawalalikira za kusiya zonse. Ndinayankhula bwino ndithu, ndimadzimva ndekha.

Estele, mkazi wanga, anangofunsa kuti Namahala akamusudzula apita kuti. Ndinati kwawo. Estele ndi mafunso ake.

Lolemba, 27 Meyi

Kwawo kulibe. Mudzi anautentha asilikali a Apwitikizi. Amayi ake anafera m'njira. Mlongo wake anamugwira chibalo, mpaka lero zii.

Mwambo wathu, ukwati ukatha mwamuna ndiye amanyamula mphasa yake, mkazi n'kutsala pamudzi pa amayi ake. Ndi zimene ndinali nazo m'mutu. Koma malo amene a Muhiwa akukhala ndi a abale a mkazi wamkulu. Namahala alibe ngakhale tsinde la nthochi.

Kalasi Namahala sanajombe. Mafunso onse pamtima.

Lachinayi, 6 Juni

Chiperoni. Ana kusukulu mano gwegwede, theka atsala kunyumba. Wamthenga wafika, akuti abusa achizungu abwera pa 23 kudzayesa a kalasi.

Ndapitanso kwa a Muhiwa kukawafulumiza. Akabatizidwa iwo, amuna onse a mzere wawo atsatira. Ndinatumidwa kuno kudzakolola anthu, osati kudzaweruza mabanja. Komanso ndikufuna abusa aone kuti ine Jailosi sindidya malipiro aulere. Buku lino silikauza munthu.

Za Namahala, Mulungu adziwa.

Loweruka, 15 Juni

Zandigwera.

M'mawa ndikusema mpini, ndangoona mzere wa anthu ukulowa pabwalo panga. A Muhiwa patsogolo, ankhoswe awo, mkazi wamkulu, Namahala kumbuyo ndi mtolo pamutu. Akuti abwera kudzasudzula. Posudzula mwamuna amapereka muvi m'manja mwa nkhoswe ya mkazi, kuti mkaziyo wamasuka ndipo wabwerera kwa eni ake. Namahala nkhoswe alibe.

"Wopanda wolandira muvi, ukwati sunathe," inatero nkhoswe ya a Muhiwa. "Wayambitsa ndinu. Landirani."

Ndinayang'ana Estele. Estele anayang'ana nkhuku. Ndikakana, ubatizo wa a Muhiwa wafa. Ndinatambasula dzanja.

A Muhiwa analira, nkhalamba yonse ija. Mkazi wamkulu nayenso, akuti powoloka Ruo ali ndi malungo, Namahala ndiye anamubereka kumbuyo. Namahala sanagwetse msozi. Anandigwadira n'kuomba m'manja. "Achimwene, ndiyike pati katunduyu?"

Achimwene. Ine.

Lachiwiri, 18 Juni

Namahala akugona kukhitchini kwathu. Kuchitsime nkhani yafala kale, akuti mphunzitsi walanda mkazi wa nkhalamba ndi buku. Mnyamata wina pamsewu wandifunsa ngati lamulo la mitala limawalambalala aphunzitsi. Ndikanapanda kuvala kolala ya uphunzitsi m'khosimu, akanandidziwa.

Ndine mkamwini pano. Munda ndi wa Estele, bwalo ndi la Estele, changa ndi bokosi la mabuku ndi muvi. Nkhoswe yotani yopanda pomuika mlongo wake?

Estele sakuyankhula nane. Ndi Namahala akuyankhula, akusinja limodzi, akusekanso.

Lamulungu, 23 Juni

A Muhiwa abatizidwa, tsopano ndi a Filipo. Anthu anadzaza mpaka panja. Zimene ndinkafuna zija zachitika, koma pakamwa pali powawa.

Namahala anayankha mafunso onse, ena abusa asanamalize kufunsa. Sanabatizidwe. Wina anali atanong'oneza kale abusa nkhani ya kuchitsime ija. Abusa anandiitanira kuseri. Ndinafotokoza za muvi, za unkhoswe, kuti tsopano ndi mlongo wanga. Anamvetsera mwaulemu. Akuti sakundikayikira ine, koma mpingo wanthete sufuna utsi. Mkaziyo achoke pakhomo panga Lamulungu lisanafike, apo ayi ndibweze mabuku, atumize mphunzitsi wina.

Ndinafunsa kuti apite kuti. "Kwawo," anatero. Ndinamva mawu anga enieni m'kamwa mwa mzungu, ndipo manyazi anandigwira.

Andisiyira choko chatsopano.

Lachinayi, 27 Juni

Sukuluyi ndinaimanga ndi manja anga. Ana oyamba ndinkawanyengerera ndi mchere. Ndikaisiya, msonkho ndikaupeza kuti? Kukathyola tiyi ndi ana omwe ndinawaphunzitsa?

Ku esiteti ya tiyi akuti amalandira akazi okha, amawapatsa pogona m'mizere ya antchito. Makapitawo akumeneko ndikuwadziwa. Ndinatchula zotumiza Namahala kumeneko pamaso pa Estele. "Mlongo wanu wobadwa naye mukanamutumiza?" Basi, anatuluka.

Ndapemphera. Yankho palibe, kapena lilipo koma sindikulifuna.

Loweruka, 29 Juni

Namahala ndamupeza atamanga mtolo. Wamva zonse. Akuti asese kaye m'tchalitchi za mawa, kenako azipita, mphunzitsi asachoke chifukwa cha iye. Ndinamufunsa kuti nanga a kalasi adzawatanthauzira ndani. 

Ndinamulanda mtolowo, ndaubweza kukhitchini. Ndinamukalipiranso, ngati mlongo wanga ndithu.

Estele watenga khasu, walembera Namahala malire a malo kumapeto kwa munda wake, pafupi ndi nthochi. Amalume ake a Estele avomera, ngakhale monyinyirika. A Filipo atumiza nsungwi.

Muvi ndausomeka kudenga, pamwamba pa chitseko. Mabuku ndaika m'bokosi, choko pamwamba, chosayamba. Wamthenga akabwera mawa asavutike kufunafuna.

Nkhwangwa yabuntha. Ndikanole kaye, mitengo ya nyumba ya Namahala ili kutali.